Dontho la Oilo Pansi pa Valiant ya ku Kafue

Akulu-akulu amene anali kuyenda pa mseu wocokera ku Lusaka kupita kumwera m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 angakumbukire galimoto yaitali ndi yotakata imene dzina lake ndi Valiant. Kampani ya Chrysler inayamba kuipanga ku America mu 1959, ndipo pambuyo pake inali kulumikizidwanso ku South Africa, kumene anthu anaigula kwambiri kufikira inafalikira m'maiko oyandikana nao. Valiant ndi mphwao wa magalimoto amphamvu aja a ku America, pakuti Barracuda ya 1964 inamangidwa pa thupi lake lomweli. Injini yake ili ndi masilinda 6, koma siima cilili monga zinzake: anaipendeketsa madigiri 30 kumbali ya kudzanja lamanja.

Imodzi mwa magalimoto amenewa ili kuseri kwa nyumba ina m'tauni ya Kafue. Mwini wake woyamba pa banjapo anali munthu wa ku Katete, amene anabwera kudzafuna nchito pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals inatsegulidwa mu 1970. Anaigula kwa mzungu wina amene anali kubwerera kwao. Koma sanakondwere nayo zaka zambiri. Mu Januwale 1973 Ian Smith anatseka malire a Rhodesia, ndipo posakhalitsa mtengo wa kopa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, zitsulo za galimoto nazo zinasowa m'masitolo. Mkuluyo analimbikira nayo kufikira zinakanika, ndipo anaikweza pa njerwa m'cisakasa ca malata.

Atamwalira iye, ana anagawanika maganizo. Ambiri anafuna kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo sitingawanene, pakuti nyumba ya amai ao kumudzi inali kudontha. Koma mwana wacisamba, amene tsopano naye ali ndi imvi, anapempha kuti ampatse nthawi kufikira pokolola. Anati akalephera kukafika nayo ku Katete kukaonetsa amai, iye mwini adzaitana ogulawo.

Kudzutsa injini kunatenga miyezi iwiri, ndipo tsiku limene inalira ana a m'komboni anathamangira kudzaona. M'mawa mwake, pansi pa galimoto panali cithaphwi cakuda cacikulu ngati mbale ya nsima. Ulendo wa ku Katete ndi wa makilomita oposa 500, wodzera m'mapiri a ku Luangwa, ndipo injini imene yaumiramo oilo imagwirana zitsulo ndi kufa imfa yosadzukanso.

Oilo anali kudontha kumbuyo, pamene injini imakumana ndi giyabokosi. Anyamata a pa galaja atasuzumira anagamula msanga kuti yatha ndi silo ya kumbuyo kwa kirankishafuti, nchito yofuna kumasula zambiri ndiponso ndalama zambiri. Mkazi wace atamva mtengo wake anangoti, “Atate ace a mwana, kodi citsulo cimeneci cidzatidyera mbeu?” Tsono mwini galimoto anapita kukafunsa makanika wina wokalamba, amene anapuma nchito kalekale.

Nkhalambayo sinagwire sipanala tsiku loyamba. Inati, “Mwana wanga, denga likadontha pa mphasa, suyamba ndi kusoka mphasa. Oilo amatsika pansi, ndipo mphepo imamkankhira kumbuyo. Pamene wagwera si pamene wacokera.” Inalamula kuti ayale katoni yoyera pansi pa galimoto usiku wonse. M'mawa inapaka dontho pa cala ndi kununkhiza. Oilo wa injini amada ndi mwaye. Wa m'magiya ndi wokhuthala ndipo ali ndi fungo loipa longa la dzira lovunda. Wa mabuleki ndi wopyapyala. Uyu anali wa injini.

Pamenepo anatsuka injini yonse ndi parafini ndi burashi, kucotsa matope a zaka makumi anai, naisiya kuti iume. Kenaka nkhalamba inaitanitsa ufa woyera wa m'khicini. Mai wa panyumba anaupereka monyinyirika, ndipo anauwaza pa injini kufikira inayera ngati mwana wosewera pacigayo. Analiza injini mphindi khumi, onse ali cete ndi toci m'manja. Mizere yakuda inayamba kuoneka mu ufa muja, ndipo poitsata kukwera nayo m'mwamba anapeza kuti yonse icokera pamwamba, kumbali imene injini inapendekera.

Malo anali atatu. Oyamba anali civundikiro ca mavavu. Gasiketi yake inali itauma ndi kusweka, ndipo wina kale anayesa kuletsa kudontha pomanga mabauti mwamphamvu, kotero lata linapindika pa bowo liri lonse. Ici ndi colakwa cofala, ngakhale pa injini za zigayo ndi mathirakitala a kumudzi: dzanja lolemera pa bauti limaonjeza kudontha. Nkhalamba inagoneka civundikiro pa thabwa ndi kuciongola ndi kanyundo pang'ono-pang'ono, nidula gasiketi yatsopano yokha, italemba m'mbali mwake ndi pensulo. Pomanga anayambira pakati kupita kunsonga, mofatsa. Mabauti a galimoto imeneyi ndi a muyeso wa mainci, motero masipanala a mamilimita a pa galaja anali kuterereka. Anathandizidwa ndi bokosi lakale la nkhalamba lija.

Aciwiri anali timipope ta mapulagi. Pa injini zakale za mtundu uwu pulagi iri yonse imakhala m'kampope kokhala ndi mphira wozungulira, ndipo mphira zonse 6 zinali zitauma gwa. Zolingana nazo anazipeza ku Lusaka. Acitatu anali kacitsulo kamene kamayatsa nyale ya oilo pamaso pa woyendetsa, kamene kanali kung'alukira m'khosi.

Atatha zonsezi anawazanso ufa. Pamwamba panauma, koma injini itatentha oilo anayamba kutuluka pa kamtengo koyesera, ndipo kumbuyo kunanyowanso. Mwini galimoto anataya mtima. “A bambo, basi ndi silo ija,” iye anatero. Nkhalamba inatsegula pothirira oilo injini iri kulira, niika cikhato pamenepo, ndipo mpweya unali kukankha dzanja. M'injini iri yonse utsi wina umapulumuka m'mbali mwa mapisitoni ndi kutsikira kumene kukhala oilo, ndipo opanga anaika kapaipi kopumira kuti utsiwo uzicoka. Njira imeneyi ikatsekeka, mpweya umadzifunira pothawira, numakankha oilo pa gasiketi ndi silo iri yonse, ngakhale yatsopano. Anazula kapaipi kaja, ndipo m'kati mwake anapezamo dothi louma la mavu amene anamangamo nyumba pa zaka zimene galimoto inagona m'cisakasa. Anakatokosa ndi waya, natsuka vavu yake ndi parafini.

Oilo wakale amene anakhetsa anamsunga m'cigubu, pakuti ngalande za m'tauni ino zimathera mu mtsinje wa Kafue, umene madzi ace amamwedwa kufikira ku Lusaka ndipo asodzi amadyeramo.

Poyesa galimoto anaoloka mlatho wa Kafue kufika pa mphambano ya mseu wa ku Chirundu ndi wa ku Livingstone, nabwerera. Usiku anayala katoni yatsopano, ndipo m'mawa panali timadontho tiwiri tokha, kumbuyo. Silo ija inalidi yokalamba, koma nkhalamba inaletsa kuikhudza, niti oilo wotere sangatsitse muyeso pa ulendo umodzi. Inangolangiza kuti anyamule malita asanu m'buti, ndi kuima pa Rufunsa, pa mlatho wa Luangwa ndi pa Petauke kuzula kamtengo koyesera injini itapuma.

Ndalama zimene akanalipira pomasula injini anagulira malata khumi ndi awiri. Mng'ono wace, yemwe uja anali patsogolo kunena zogulitsa, ndiye anabwera ndi zingwe zomangirira malatawo pamwamba pa galimoto, napempha malo a kutsogolo.