Atami, Mzinda Wopanikizika Pakati pa Phiri ndi Nyanja

Wokwera sitima yaliwiro ya Shinkansen ku Tokyo amafika ku Atami ola lisanathe. Akatuluka pa siteshoni sayamba waona nyanja ayi. Amaona anthu atavula nsapato, mapazi ataviika m'thamanda la madzi otentha, lomwe aliyense amaviikamo kwaulere. Dzina la mzindawu limatanthauza "nyanja yotentha", ndipo akasupe amenewa ndiwo chuma chake kuyambira kalekale. Wolamulira wamkulu Tokugawa Ieyasu anadzasamba kuno m'chaka cha 1604, ndipo ena amene anadzalamulira pambuyo pake ankatumiza anthu kukawasenzera madziwa m'migolo mpaka ku Edo, komwe lero ndi Tokyo.

Malo athyathyathya kuno ndi osowa. Mahotela ndi nyumba zinamangidwa mosanjikizana pachitsetse choyang'ana nyanja ya Sagami, kotero mlendo wa mawondo ofooka asadzinamize kuti ayenda wapansi tsiku lonse. Pamwamba pali nyumba ya zaluso ya MOA. Pa kachisi wa Kinomiya pali mtengo umene amati waposa zaka 2,000, ndipo anthu amauzungulira ndi chikhulupiriro choti ulendo umodzi umawonjezera chaka pa moyo wawo. M'misika amayanika nsomba zong'amba pakati; izi zokha n'zoyenera kuimira.

Cha m'ma 1960 Atami anali malo a anthu ongokwatirana kumene ndiponso a maulendo a makampani. Chuma cha Japan chitagwa m'ma 1990, mahotela ambiri anatsekedwa. Lero achinyamata abwereranso, koma eni mzinda ambiri ndi okalamba.

Makombola amene amaphulitsidwa pagombe kangapo pachaka, phokoso lake n'kumabwezedwa ndi mapiri, anayamba mu 1952 pofuna kulimbitsa anthu mtima pambuyo pa mphepo yamkuntho ya 1949 ndi moto wa 1950 umene unapsereza pakati pa mzinda. Tsoka lina ndi laposachedwa. Pa 3 Julayi 2021, mvula itagwa masiku angapo, matope anatsika m'dera la Izusan ngati napolo, nakokolola nyumba mpaka kunyanja. Anthu oposa 25 anafa. Mvula yokha siinali ndi mlandu: pamwamba pa chigwacho anthu anali ataunjikapo dothi lochuluka kuposa mmene anawalolezera. Izusan ili pamtunda wa mphindi zochepa chabe kuchoka pa thamanda lija la pa siteshoni.