Guard Sayezedwa ndi Mapointi Okha

Okonda masewero a basketball akamatsutsana za guard woposa onse mu ligi ya NBA ya ku America, kawirikawiri amathamangira kuwerenga mapointi ndi zikho. Guard ndi wosewera amene amayendetsa mpira kuchokera kumbuyo ndi kutsegulira timu njira yogoletsera. Koma ntchitoyi imasintha malinga ndi zimene timu ikusowa, kotero kuwerenga kokha kumasocheretsa.

John Stockton anasewera mu timu ya Utah Jazz kuyambira 1984 mpaka 2003, ndipo udindo wake unali wogawa mpira. Anapatsira anzake mipira 15,806 imene iwo anagoletsa, chiwerengero chimene palibe wachifikira. Izi zinatheka chifukwa kwa zaka 18 anali ndi Karl Malone, chiphona chodziwa kulandira mpira ndi kugoletsa. Stockton anali munthu wofatsa, wosakonda kutchuka, ndipo pa zaka zonsezo anaphonya masewero 22 okha. Chikho sanachigwire, pakuti mu 1997 ndi 1998 timu yake inagonja mu ndime yomaliza kwa Chicago Bulls ya Michael Jordan.

Allen Iverson wa Philadelphia 76ers anasenza katundu wosiyana. Mu 2001 anzake ambiri anali akatswiri otchinga, monga Dikembe Mutombo wa ku Congo, choncho kugoletsa kunatsamira pa iye. Ena ankamunena kuti ndi woumira mpira, koma akadapatsira yani? Ngakhale anali wamfupi pakati pa ziphona, chaka chimenecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse. M'masewero oyamba a ndime yomaliza anagoletsa mapointi 48 ndipo timu yake inagonjetsa Los Angeles Lakers, koma inaluza masewero anayi otsatira. Kulimba mtima kwake kunali kosakayikitsa, ngakhale kuti ankakangana ndi mphunzitsi wake, Larry Brown, pa nkhani ya zokonzekera.

Stephen Curry wa Golden State Warriors anatenga zikho mu 2015, 2017, 2018 ndi 2022. Luso lake loponya mpira ali patali ndi lodziwika, koma khalidwe lake linaonekera bwino mu 2016. Atangosankhidwa kawiri motsatizana kukhala wosewera wopambana, analandira Kevin Durant mu timu ndi kumugawira mpata wogoletsa. Ulemu wa wosewera wopambana mu ndime yomaliza unapita kwa Durant mu 2017 ndi 2018, koma timu inapindula.

Stockton akadapatsidwa anzake a Iverson, ambiri mwa mipira yake ikadasowa woigoletsa. Iverson akadakhala ndi Malone, mwina dzina la woumira mpira silikadamumatirira. Woweruza mwachilungamo ayambe wafunsa ntchito imene wosewera anapatsidwa, anthu amene anaigwira naye, ndi mmene anachitira pamene zofuna za timu zinasemphana ndi ulemu wake.