Nkhani Iime pa Malo Amodzi

Pa zaka zimene ndaphunzitsa Cinyanja m'makomboni a Lusaka, mau amene ndakumana nao kawirikawiri m'mabuku a ana ndi akuti "anthu anabvutika kwambiri." Mwana wa ku Kanyama akauzidwa kulemba nkhani yopeka ya madzi osefukira, amatsiriza zonse ndi mau atatu amenewa, ngakhale kuti iye mwini anagonapo pa tebulo madzi ali m'nyumba. Sikuti mwanayo alibe zonena. Cimene sanaphunzire ndico kuimika nkhani pa malo amodzi ndi pa nthawi imodzi, kuti wowerenga adzionere yekha zimene zinacitika.

Ine luso limeneli ndinalimva ndi makutu ndisanalione pa pepala. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 tikumbukira Julius Chongo ndi nkhani zake za Poceza m'Madzulo pa Radio Zambia. Chongo sanali kungotiuza kuti munthu anacita mantha. Anali kumlankhulitsa munthuyo, kusintha liu, ndi kuponyamo mvekero pamene cinthu cagwa kapena citseko catseguka. Ife tinali kukhala cete pafupi ndi mbaula monga kuti tili komweko. Kucokera kwa iye ndinazindikira kuti cocitika cabwino m'nkhani cili ndi zinthu zitatu: munthu amene afuna kanthu, cinthu comletsa, ndi kusintha kumene kuoneka pa mapeto.

Tiyeni titenge citsanzo. Mu June 1990 boma linakweza mtengo wa unga, ndipo mu Lusaka munabuka cipolowe. Wolemba mbiri adzachula caka ndi cifukwa cake. Koma wolemba nkhani yopeka ayenera kusankha mai mmodzi wa ku Chawama, namuimika pa kantemba dzuwa litapendeka. Maiyo amasula mfundo ya pa citenje, nawerenga ndalama kawiri. Wogulitsa ati, "Amai, zaperewera." Iye ayankha motsitsa mau, "Mundipimireko pang'ono cabe, bambo, ana sanadye dzulo." Wogulitsa ayang'ana kumbali. Kamwana kamene kagwira citenje ca amake kaleka kuyang'ana maswiti, nkubweza mbale yopanda kanthu kumbuyo kwake. Palibe pamene talemba mau akuti njala kapena manyazi, koma wowerenga wazimva zonse ziwiri.

Njira imene ndapeza kuti ithandiza m'kalasi ndi iyi. Ndimatuma ana kukaima pa malo amodzi kwa mphindi 10: pa pompi pamene azimai afola ndi zigubu, pogulitsira malasha, kapena pokwerera minibasi ku Matero. Aliyense abwere ndi zinthu zisanu zimene waona ndi mau awiri amene wamva, monga momwe analankhulidwira. Polemba ndimawaletsa mau akuti "kwambiri" ndi "anabvutika." Atatha, mmodzi awerenga mokweza, ndipo anzake ayankha mafunso atatu: Ndani afuna ciani? Comletsa n'ciani? Casintha n'ciani pa mapeto? Ngati kalasi ilephera kuyankha, cocitikaco sicinapse, ndipo mwini wake acilembenso.

Mphunzitsi asamale cinthu cimodzi. Ana ena, akaphunzira kupenyetsetsa, amafuna kulemba ciliconse cimene maso agwapo, mpaka nkhani imira m'zinthu zosafunika. Auzeni kuti cinthu cilowe m'nkhani pokhapo ngati cikhudza cimene munthu uja afuna. Mbale yopanda kanthu ifunika. Mtundu wa denga la kantemba sufunika.

Nchito imeneyi siyongokonzekera mayeso ai. Madzi amene anasefukira ku Kanyama mu 1978, ndi kolera imene inagwa mu Lusaka mu 2017 ndi 2018, zinalembedwa m'malipoti ndi m'manyuzipepala, koma kumeneko anthu a m'komboni aoneka ngati ciwerengero cabe. Amene adziwa mmene agogo ananyamulira thumba la unga pamutu usiku, kapena zimene mai ananena pamene msika unatsekedwa, ndi ana amene akhala pa mabenci athu. Ambiri a iwo aganiza kuti nkhani zenizeni zicitikira kumudzi kapena kumaiko akutali. Inu amene mukonzekera uphunzitsi, aonetseni kuti Mtendere, George ndi Kalingalinga ndi malo oyenera kulembedwa, ndipo apatseni luso lowalemba bwino.