Nyanja Imene Sisunga Chisanu

Ife adzukulu a machona amene tidabadwira mu Glen View tili ndi nyanja ziwiri. Yoyamba tidaimva m'kamwa mwa agogo, amene adachoka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito ku Salisbury ndipo sadabwererenso. Iwo ankaisimba ngati munthu wamoyo, yokwiya pa mwera, yofatsa m'bandakucha. Yachiwiri ndi Chivero, imene idapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, makilomita opitirira 30 kuchokera pakati pa Harare. Ambiri a ife sitidaiponde m'mphepete, komabe ndiyo imene timamwa tsiku limene mpopi wakumbuka ntchito yake.

Nyanja ziwirizi ndizo zidandibwerera m'maganizo pamene ndinkawerenga za mzinda wa Toronto ku Canada. Kumeneko, kuyambira 2004, nyumba zitalizitali za pakati pa mzinda zimaziziritsidwa ndi nyanja ya Ontario. Mapaipi atatu oyambirira amalowa m'nyanjamo mtunda wa makilomita 5, nakatunga madzi pa kuya kwa mamita 83, pamene madzi amakhala pa madigiri 4 chaka chonse. Madziwo amadutsa m'zitsulo zopyapyala zogundana ndi mapaipi ena ozungulira m'nyumbazo, natenga kutentha kwa nyumba popanda madzi awiriwo kusakanikirana. Ku Geneva nako, kuyambira 2009, nyanja imaziziritsa maofesi a United Nations, ndipo m'nyengo yachisanu makina ogwira ntchito ngati firiji yotembenuza amakoka kutentha pang'ono kotsala m'madzimo n'kufunditsa nako nyumba. Magetsi amene akadapita ku makina oziziritsira nyumba iliyonse payokha amapulumuka ambiri.

Chinsinsi chake chagona pa khalidwe la madzi. Madzi opanda mchere amalemera koposa akafika pa madigiri 4. M'maiko a chipale, madzi a pamwamba akazizira chotero amamira, ndipo dzuwa la chilimwe siliwapezanso. Nyanja imasanduka nkhokwe: chisanu chimakololedwa mu Januwale, n'kumatapidwa mu Julaye.

Koma nkhokwe siitulutsa chimene sadaikemo. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, kuposa Ontario kutali, koma madzi a pansi pake penipeni amakhala pa madigiri 22 kapena 23. Chipale sichidaigwerepo kuti isunge. Kupyola mamita 250 mulibenso ngakhale mpweya woti chambo n'kupuma. Muli mdima wofunda basi. Ya Chivero ndiye yosafika n'komwe mamita 30 pamalo pake pakuya. Amene angayale mapaipi a Toronto m'nyanja zathu adzatunga madzi osambitsira khanda.

Sindikunena kuti dziko lino lidamanidwa kuzizira. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo ngakhale mu Okutobala, pamene amisiri a mipando a ku Area 8 amakhala akupala matabwa thukuta lili kamukamu, usiku ukagwa kamphepo kamabwera. Chisanu chathu chimakololedwa usiku uliwonse. Mmisiri wolemba mapulani a nyumba, Mick Pearce, adaziwona zimenezi pomanga Eastgate, imene idatsegulidwa mu 1996. Potengera nzeru ya chiswe pa chulu, adakonza kuti mpweya wa usiku uzilowetsedwa m'mphako za konkire ya nyumbayo, konkireyo isunge kuzizirako, masana iziwagawira ogwira ntchito m'maofesi. Agogo aakazi sadalowemo mu Eastgate, koma mtsuko wawo wadothi umene unkakhala pakona ya khitchini, wovundikira ndi mbale, unkatipatsa madzi ozizira mano popanda waya ngakhale mmodzi. Nyumba zathu zambiri za njerwa imodzi ndi denga lopanda siling'i ndizo zidaiwala: mu Okutobala ndi ng'anjo, mu Juni timagona titazinga mbaula.

Pali mbali ina ya nkhani ya Toronto imene siinditha mumtima. Madzi aja akamaliza kutenga kutentha kwa nyumba sabwezedwa m'nyanja. Amapitirira m'mapaipi a mzinda, anthu n'kumwa. Asanafike n'komwe pa zitsulo zija amakhala atasefedwa kale pa chisumbu cha m'nyanjamo. Madzi amodzi, ntchito ziwiri. Zimenezi zimatheka pokhapokha mzinda ndi nyanja yake akukhulupirirana.

Harare adamangidwa kumtunda kwa nyanja yake. Chilichonse chimene timataya, mtsinje wa Mukuvisi ndi wa Marimba amachinyamula kupita nacho ku Manyame ndi ku Chivero. Zonyansa za m'zimbudzi za dera lathu zimapita ku Firle, pafupi nafe pompano, kuti zikasefedwe. Zikachuluka kuposa mphamvu ya makina, zimatsikira kumtsinje zili zosapsa. Kuchokera m'nyanjamo madzi amapopedwa kupita ku Morton Jaffray, n'kubwerera kwa ife. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Athuwa amakumbukanso ndi khomo limene adatulukira. Namasupuni, yemwe uja amavutitsa pa Shire, adayala mphasa yake pamadzi, ndipo ndere imabiriwira ngati utoto. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi zidafa m'nkhalango ya m'mphepete mwa nyanjayi zitamwa madzi a ndere yaululu.

Ifeyo tidayamba kufa zipembere zisanafe. Kolera wa 2008 ndi 2009 adapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse la Zimbabwe, ndipo Budiriro ndi Glen View adali pakati pa moto. Mu Seputembala 2018 adabukanso mommuno, madzi a m'zimbudzi atalowa m'zitsime ndi m'mijigo imene anthu adathawirako mipopi itauma. Ndidaona mahema atakhomedwa pabwalo la chipatala, ndi maliro osasambitsa, osagona, opanda nsima. Kwa Mchewa amene adasiya kale manda a makolo ake kutsidya la Zambezi, kuikidwa chotero n'kuchona kachiwiri.

N'chifukwa chake ndikamva ophunzira athu akukambirana za mizinda yosamala chilengedwe, ndimalakalaka atayamba ndi funso laling'ono: kodi malo ano amasunga chiyani, ndipo amachisunga kuti? Ontario amasunga chisanu pansi pa madzi. Harare amachisunga mu usiku, m'dothi ndi m'makoma ochindikala, ndipo amene adzaphunzitse omanga nyumba a ku Glen View kuchitapa adzakhala atachita zazikulu kuposa woitanitsa mapaipi kunja. Kwa Chivero sitingapemphe kuzizira, pakuti alibe. Chimene ali nacho ndi madzi a anthu mamiliyoni, ndipo amatibwezera monga momwe tamupatsira.