Za Kupeza Mzati wa Nkhani

Abale, zaka zambiri ndamva ana akuwerenga Chingerezi mokoma, koma powafunsa chimene nkhaniyo inena, angoti duu. Mau awadziwa, koma mzati wa nkhani sanaupeze.

Mngerezi polemba ndime, kawirikawiri aika mfundo yaikulu m'chiganizo choyamba. Zotsatazo ndizo mapaso ndi udzu. Nthawi zina aisungira kumapeto. Mukaona liu lakuti "but", chenjerani, pakuti pamenepo wolembayo atembenuka, nanena za kumtima kwake.

Ine ndimati kwa mwana: Tseka buku, undiuze m'chinenero chathu, mau khumi okha. Akalephera, abwereze. Inunso makolo, yesani ana anu chomwecho, mungakhale Chingerezi simuchidziwa. Pakuti mawa adzakuwerengerani kalata ya ku boma, ndipo akaphonya mzati, mlandu udzagwera inu.