Ndinauona mng'alu, koma ndinawotcherera

Anthu a m'midzi yozungulira malo osungira nyama a Kuti amanditama kuti ndine mmisiri wosabweza ntchito. Ndimayankha kuti zikomo, koma mawuwo amandilasa, chifukwa kusabweza ntchitoko n'kumene kunalumaza dzanja la mwana wa eni ake. Ndaganiza zoti anzanga ogwira lathe komanso eni zigayo aimve nkhaniyi kuchokera pakamwa panga, asakaimvere pa bawo.

Ntchito yanga ndi yosema zitsulo. Chitsulo ndimachimanga pa chuck, makina n'kumachizunguza, ine n'kumayendetsa mpeni ndi manja mpaka chifike pa muyeso. Kuno ku Salima amandibweretsera mashafiti a zigayo za chimanga, a makina opunthira mpunga a ku Lifuwu, mabushi a mapampu, mapule, mabawuti a mazinga osowa m'sitolo, ngakhalenso tizitsulo ta injini za maboti a ku Senga Bay. Makina ambiriwa ndi ochokera ku China ndi ku India, ndipo chikathyoka chitsulo chimodzi, chatsopano sungachipeze pa Kamuzu Road. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, amene ankagula zatsopano ku Lilongwe nawonso anayamba kugogoda kwa ife.

Zinachitika mu 2022, nyengo yokolola itangotha. Chaka chimenecho namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, ndiye magetsi ankazima tsiku lonse n'kudzayaka anthu atagona. Zinali zoseketsa ndithu, poti boma lathu lomweli la Salima ndi limene lili ndi munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021. Ife a lathe tinasanduka akadzidzi.

Bambo wina wachikulire, mwini chigayo cha dizilo cha kufupi ndi malo osungira nyama a Kuti, anafika madzulo atamangirira shafiti pa njinga. Pokhala beringi ya mbali ya pule panali patadyeka, ndipo pankaoneka kuti wina anayamba wawotchererapo kale. Ndinaipukuta ndi palafini, n'kuumitsa, n'kupaka choko, kenaka n'kuigogoda ndi hamala monga anandiphunzitsira amene anandilera pa ntchitoyi. Pa phewa la shafiti, pamene chitsulo chimachepa kuti beringi itsamire, panatuluka kamzere konyowa pa chokocho. Palafini amene analowa mu mng'alu ndi amene ankabwerera. Kanali kafupi, kosakwana chikhadabo, koma ndinakaona bwinobwino.

“Madala, shafiti iyi yatha. Tiyenera kugula chitsulo cha EN8 ku Lilongwe, ndiseme ina.”

“Ndalama zake zili kuti, mwana wanga? Amayi angounjika matumba pakhomo. Ingowotchererani, musemenso. Ndikapeza pang'ono tidzasintha.”

Za mng'alu sindinawauze. Ndinaopa kuti anyamula shafitiyo n'kupita nayo kwa wina, ndipo kunyumba ndinali ndi ngongole ya lendi. Magetsi atayaka pakati pa usiku ndinaunjika zowotcherera pamwamba pa kamzere kaja mpaka kanabisika, n'kuyamba kusema chitsulo chikadali chamoto. Mmisiri aliyense amadziwa kuti zimenezi n'zoletsedwa. Shafiti ya mamilimita 50 ikatentha ndi madigiri 30 imafufuma pafupifupi 0.02 ya milimita, pamene muyeso wonse umene umagwiritsa beringi pamalo pake ndi womwewo basi. Ukaipima yotentha, m'mawa beringi imangolowa ndi manja. Pa phewa paja pamafunikanso kusiya kangodya kozungulira kuti mphamvu isaunjikane malo amodzi, koma kunola mpeni wake kumadya nthawi, ndipo ine ndinkathamangitsana ndi magetsi. Ndinasiya ngodya yakuthwa. M'mawa beringi italowa molobodoka, ndinakhoma timaenje ndi panchi kuzungulira malowo kuti igwire. Poiona inkanyezimira ngati yatsopano. Madala aja anandilipira, n'kuwonjezera ya fanta.

Chigayo cha mabita chimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, ndipo lamba amakokera pule mbali imodzi nthawi yonseyo. Shafiti ikazungulira kamodzi, mng'alu umatseguka n'kutsekeka. Mwezi usanathe inadukira pa phewa pomwe paja. Pule yachitsulo inachoka pamodzi ndi chidutswa chake n'kukamenya mnyamata wogayitsa amene ankawerama kutenga ndowa ya ufa. Mkono wamanja unathyoka pansi pa chigongono. Anamumanga chikhakha kuchipatala, mafupa analumikizana, koma zala zitatu sizipinda mpaka lero.

M'mudzimo munamveka zoti mwini chigayo china ndi amene anatumiza tsokalo, ndipo mabanja awiri anasiya kupatsana moni. Ine palibe amene ananditchula. Madala aja anabwera ndi zidutswa ziwirizo kuti tsopano ndiseme yatsopano, ndalama atachita kukongola ku banki mkhonde. Nditayang'ana poduka paja, zonse zinali poyera. Mbali yaikulu inali yosalala, yakuda, ya timizere topindika tosonyeza mmene mng'alu unkayendera tsiku ndi tsiku, ndipo tinkayambira pansi pa zowotcherera zanga. Kachigawo kakang'ono kokhakhala n'kamene kanaduka komaliza. Ndinasema shafiti yabwino, ndinalandiranso ndalama, zidutswa zija n'kuziponya pansi pa tebulo.

Ndinakhala nacho chinthuchi mumtima nthawi yaitali. Kutchalitchi ndinkapita, mgonero ndinkadya. Chimene chinandigonjetsa ndi tsiku lina pamene ndinakumana ndi mnyamatayo pa depoti akulephera kumanga thumba la makala, n'kundipatsa moni mwaulemu kuti, “Mwaswera bwanji, amisiri?” Sabata yomweyo ndinatenga mkulu wa mpingo n'kupita kwa atsibweni ake, chidutswa cha shafiti chili m'thumba. Ndinafotokoza zonse, mwini chigayo ali pomwepo. Atsibweniwo anachitembenuza chitsulocho kangapo, n'kunena kuti, “Mwanena mochedwa, koma tamva.” Anandigamula mbuzi ndi ndalama zoti mnyamatayo ayambire geni, ndipo ndinalipira pang'onopang'ono. Madala aja sanabwerenso pa shedi yanga. Mabanja awiri aja anayambanso kulankhulana.

Kuwotcherera shafiti sindinasiye, chifukwa ilipo ina yongodyeka, yopanda mng'alu, ya makina oyenda pang'onopang'ono, imene imatheka bwinobwino ukaisiya izizire yokha usanaiseme. Koma ya chigayo imene choko chaonetsa mzere ndimamuitana mwiniwake kuti aone ndi maso ake, ndipo sindiikhudza. Ena amakwiya n'kupita kwina, ndipo ndalama zimene ndimapeza zatsika.

Inu eni zigayo a ku Kuti, Lifuwu ndi Kaphatenga, mmisiri akakuuzani kuti shafiti yatha, muuzeni akuonetseni mng'aluwo, ndipo mukauona musamuumirize. Mutchingirenso pule ndi lamba ndi lata lolimba kapena waya wa sefa. Pa zigayo zambiri zimene ndimafikako, ana ogayitsa akugwirabe ntchito pafupi ndi lamba wosatchinga.