Mapadi ndi Madisiki a Galimoto Zaliwiro: Zomwe Zasintha m'Zaka Makumi Asanu

Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Woyendetsa akaponda buleki, mafuta amakankha mapisitoni a m'kalipa, mapadi awiri n'kupana disiki yachitsulo yomwe imazungulira limodzi ndi tayala. Galimoto yolemera makilogalamu 1,500 ikaima kuchoka pa liwiro la makilomita 100 pa ola, kutentha kotuluka pamenepo kungawiritse madzi oposa lita imodzi ndi theka. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Choncho mwini galimoto yaliwiro akamasankha mapadi ndi madisiki olowa m'malo mwa amene anabwera ndi galimotoyo, kwenikweni amakhala akusankha zida zopirira moto. Pa moyo wa munthu wobadwa cha m'ma 1970, kasankhidwe kameneka kasintha kwambiri.

Madisiki anayamba kutchuka pa mpikisano. Mu 1953 Jaguar C-Type inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ili ndi mabuleki a madisiki opangidwa ndi Dunlop, ndipo mu 1955 Citroën DS inatuluka ndi madisiki kutsogolo. Komabe kufikira m'zaka za m'ma 1970 galimoto zambiri zinali ndi mabuleki a madramu kumbuyo, zina mawilo onse anayi. Mashuzi a m'madramuwo akatha, makaniko ankachotsa lainingi yakale n'kukhomera ina. Panalibe zambiri zoti wogula aganize, chifukwa pafupifupi lainingi ndi padi iliyonse inkapangidwa ndi asibesitosi, mwala waulusi wosapsa ndi moto komanso wotsika mtengo. Wina wa mwala umenewu unkakumbidwa ku migodi ya Shabanie ndi Mashaba ku Zimbabwe, komwe Amalawi ambiri anakagwira ntchito.

Kusintha koyamba kunadza chifukwa cha matenda. Fumbi la asibesitosi likalowa m'mapapo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri, ndipo amakaniko ankalipuma tsiku ndi tsiku popemerera madramu ndi mpweya. Britain inaletseratu asibesitosi mu 1999, mayiko a European Union mu 2005, South Africa mu 2008. Palibe chinthu chimodzi chomwe chinapezeka chogwira ntchito zonse za mwala uja, ndiye mapadi anagawikana mitundu. Pali osakaniza ulusi, labala ndi utomoni, omwe sachita phokoso ndipo sadya disiki, koma amafooka akatentha. Pali okhala ndi chitsulo chambiri, omwe amapirira kutentha, koma amalira, amadetsa marimu ndi fumbi lakuda ndipo amadya disiki msanga. Pali aseramiki, omwe anayamba kufala m'zaka za m'ma 1980: fumbi lawo ndi lochepa, amakhalitsa pa msewu, koma ambiri sanapangidwire bwalo la mpikisano. Pambuyo pake mkuwa nawo unayamba kuchotsedwa. Mu 2010 zigawo za California ndi Washington ku America zinakhazikitsa malamulo ochepetsa mkuwa m'mapadi, chifukwa fumbi lake limakokoloka ndi mvula n'kukavulaza nsomba m'mitsinje.

Kuchuluka kwa mitunduku kunabweretsa vuto limene kale kunalibe. Padi iliyonse ili ndi mlingo wa kutentha umene imagwira bwino. Ya pa msewu imagwira ikadali yozizira, mmawa galimoto ikangotuluka pageti, koma ikapyola mlingo wake utomoni wake umapsa, pamamveka fungo, ndipo galimoto siima ngakhale phazi likanikize chotani. Ya pa mpikisano imapirira madigiri mazanamazana, koma ikazizira simagwira mokwanira ndipo imapala disiki ngati tupa. Munthu amene waika mapadi a mpikisano pa galimoto yopitira kuntchito walipira ndalama zambiri kugula buleki yofooka panthawi imene mwana angadumphire mumsewu. Makampani monga Ferodo, Pagid, EBC, Endless ndi Project Mu amagulitsa mapadi osiyana a pa msewu, a pa bwalo, ndi apakati, ndipo EBC imawasiyanitsa ndi mitundu ya utoto. Pa mapadi ambiri pamalembedwanso zilembo ziwiri, monga FF kapena GG: choyamba chimasonyeza kugwira kwa padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri itatentha. G imagwira kuposa F, ndipo F imaposa E.

Madisiki nawo asintha. Akale anali chitsulo chimodzi chogwirana. Kenako kunabwera okhala ndi mipata pakati, yomwe imakoka mpweya disiki ikamazungulira n'kuiziziritsa. Lero m'masitolo muli obowola, okhala ndi mizere, ndi a zigawo ziwiri, omwe pakati pake ndi aluminiyamu. Mabowo ankathandiza kutulutsa mpweya wochokera m'mapadi akale akatentha, koma mapadi amakono satulutsa wambiri, ndipo disiki yobowola ikamatenthedwa ndi kuzizira kawirikawiri imayamba ming'alu m'mbali mwa mabowowo. Mizere imapala padi kuti ikhale yoyera, komano padiyo imatha msanga. Ya zigawo ziwiri ndi yopepuka ndipo imalola chitsulo kufutukuka osapindika. Pamwamba pa onsewa pali a kaboni ndi seramiki, omwe anaikidwa pa Porsche 911 GT2 mu 2001 ndi pa Ferrari Enzo mu 2002. Kulemera kwawo ndi pafupifupi theka la achitsulo, koma mtengo wake ungagule galimoto ina yonse, ndipo amafuna mapadi awoawo. Kwa oyenda pa msewu, disiki yabwino yosabowola imakwanira.

Msika utakula, malamulo anatsatira. Kuyambira mu 1999, mapadi olowa m'malo ogulitsidwa ku Europe ayenera kukwaniritsa lamulo la ECE R90, lomwe limafuna kuti kagwiridwe kawo kasasiyane ndi ka oyambirira kupyola 15 pa 100 alionse. Madisiki anaphatikizidwa m'lamuloli pambuyo pake. Chizindikiro chake chimakhala pa bokosi ndi kumsana kwa padi. Mapadi a mpikisano sakhala nacho, ndipo izi zokha zimauza wogula kuti malo ake si msewu.

Ku Malawi ndi ku Zambia, galimoto zaliwiro zambiri ndi zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Chitsanzo ndi Subaru Impreza WRX STI, yomwe kuyambira cha m'ma 2000 inkabwera ndi makalipa agolide a Brembo, kampani ya ku Italy yomwe inayamba mu 1961, ndi madisiki akutsogolo a mamilimita 326. Cha m'ma 2005 katalikirana ka mabowo a mabawuti pa galimotoyi kanasintha, moti disiki ya chaka china singalowe pa ya chaka china ngakhale dzina ndi limodzi. N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito amayamba wafunsa nambala ya chesisi. Intaneti yachititsa kuti munthu aitanitse sipeya ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan ali pakhomo, komanso yatsegulira njira masipeya achinyengo okhala m'mabokosi ofanana ndi enieni. Padi yotchipa mokayikitsa imaululika pa chitsetse ngati cha ku Chiweta kapena cha pakati pa Masasa ndi Golomoti, pamene palibenso mwayi wobwerera kusitolo.

Zida zabwino zimafunanso kuikidwa bwino. Disiki iliyonse ili ndi malire a kupyapyala olembedwa pa iyo, ndipo ikafika pamenepo imatayidwa. Madisiki ndi mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pa habu yopalidwa dzimbiri. Atsopano amafuna kuzoloweretsedwa: woyendetsa amachepetsa liwiro mwamphamvu kangapo osaimiratu, kenako amayenda kuti azizire, kuti padi isiye kansalu kake kopyapyala mofanana pa disiki ponse. Kunjenjemera kwa chiwongolero komwe ambiri amati disiki yapindika nthawi zambiri kumachokera ku kansalu kosafanana kameneka. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi: DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma wokalamba angawire cha pa 155, pedulo n'kumira mpaka pansi. Amasinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Ndipo popeza galimoto zamakono zili ndi ABS yoletsa matayala kumangika pogwira buleki, yomwe Bosch ndi Mercedes-Benz anaitulutsa mu 1978, mtunda woimira pa kuponda kumodzi umadalira kwambiri matayala. Mapadi ndi madisiki abwino amathandiza kuti kuponda kwa khumi kugwire ngati koyamba.